Kalata Yosiya Ntchito Imene Ndinaidinda Ndekha

Pali zinthu zina zimene ukazikumbukira uli m'minibasi umangoyang'ana pawindo kuti anthu asakuone nkhope. Changa ndi ichi.

Ndine kalaliki pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Limbe. Ntchito yanga ndi kuwerenga makatoni olowa ndi otuluka, kudinda mapepala ndi kusainitsa madalaivala. Ndinali nditagwira zaka zisanu ndi ziwiri, malipiro osasuntha. Tsiku lina tikukweza katundu, a Yusufu, dalaivala wa lole yopita ku likulu lathu ku Lilongwe, anandiuza nkhani yondipweteka.

"Achimwene, anzanu a ku Lilongwe amalandira zambiri kuposa inu, ntchito yomweyi. Akuti kumeneko lendi ndi yodula."

Ngati kuti ku Chinyonga kuno timagona ulere! Mtima unandiwawa sabata yathunthu.

Kenako ndinaganiza zoopseza. Ndinalemba kalata yosiya ntchito, osati yoti ipite kulikonse ayi, koma yongowaonetsa abwana a pa Limbe kuti anjenjemere, andigwire mkono, anene kuti khalani tikuwonjezerani. (Nkhope yoperekera kalatayo ndinaiyeserera ndithu pagalasi.) Tsoka ilo, m'mawa umenewo abwana anali ku msonkhano ku Mandala, ndiye kalatayo ndinaisiya patebulo panga.

Masana malole atatu anafika nthawi imodzi. Dzanja la kalaliki silifunsa mutu. Pepala lililonse lili patebulo, chidindo, kulemba m'buku, kuponya m'chikwama cha ku likulu. Kalata yanga inadindidwa bwinobwino ndi deti lomwe, a Yusufu n'kusainira chikwamacho.

Ndinazindikira nthawi yoweruka. Nthawi yomweyo ndinawaimbira foni a Yusufu.

"A Yusufu, chonde tsegulani chikwamacho, muchotsemo kalata imodzi!"

"Iii achimwene, si inu nomwe mumatikalipira kuti chikwama chikamatidwa sichitsegulidwa panjira? Ine ntchito yanga ndikuifunabe."

Patapita masiku atatu abwana anandiitana. Likulu linali litavomera, n'kundifunira zabwino zonse. Ndinayesa kunena kuti kalatayo inangosochera. Iwo anatsegula buku lija n'kuloza dzina langa.

"Bambo, zaka zonsezi simunasocheretsepo pepala. Ndani angakhulupirire zimenezo?"

Ndinagwada, sindikubisirani. (Simenti ya m'nyumba imene ija imazizira kwambiri.) Anandimvera chisoni, koma chisoni chake chinali chakuti ndilembe kalata ina yofunsira ntchito yanga yomwe. Ananditenga ngati watsopano, pa malipiro a woyamba kumene. Zaka zanga zonse zinalowa m'madzi.

Ndikanati ndaphunzira kukhutira ndi zanga, koma lingakhale bodza, a ku Lilongwe amandiwawabe. Chimene ndaphunzira ndi kunama kunyumba. Mayi a ana mpaka lero amadziwa kuti kampani inadula malipiro a aliyense, ndipo Lamlungu lililonse amapempherera mabwana athu kuti Mulungu awafewetse mitima. Ine ndimavomera "Ameni" chapansipansi.