Sabata Imene Ndinapempha Tchuthi m'Chingerezi

Lolemba
Loweruka mchemwali wanga akukwatiwa ku Mphuka. Pakufunika chilolezo cha Bwana wa esiteti. Ena amadzera kwa akalaliki kuti awamasulire. Ine ayi! Kapitawo wathunthu, ndipempha ndekha, m'Chingerezi. Aphunzitsi a ku mishoni andipatsa mawu: "may" popempha, "must" pokakamiza, "allowed" chololedwa, "forbidden" choletsedwa. Zosavuta!

Lachiwiri
Ndikuyeserera m'munda wa tiyi. Ndakuwira othyola: "Kucheza forbidden!" Mayi wina wafunsa mnzake m'Chilomwe ngati akapitawo atsamwa ndi fupa. Mzere wonse kuseka.

Lachitatu
Akazi anga: "Abambo, bwanji osangowauza akalaliki?" Ndawayankha kuti kulangiza kapitawo si allowed. Sanamve mawuwo, koma madzi osamba ndawapeza ozizira.

Lachinayi
Tsoka! Liwu lopemphera chilolezo ndi liti, "may" kapena "must"? Onse akuyamba mofanana. Aphunzitsi apita ku Bvumbwe. Ndasankha ndekha. "May" ndi loonda, lopanda ulemu. "Must" likudzaza m'kamwa. Loyenera mzungu ndi limenelo.

Lachisanu
Pakhonde la ofesi, chipewa m'manja. Ndimafuna kunena kuti andilole ndisagwire ntchito mawa. Kamawu kokanira kathawa m'mutu. Zotuluka: "Bwana, Saturday, me work. Must?"
Bwana aseka, andimenya paphewa: "Yes! Must!"
Ine: "Thank you, Bwana!" Ndatuluka ngati tambala.
Akalaliki anditsatira, misozi ili mbwee ndi kuseka: "Akapitawo, mwapempha ntchito ya Loweruka. Mwathokozanso. Bwana akuti munthu wakhama chotere sanamuonepo, Loweruka lililonse muzikhala inuyo."

Loweruka
Akazi anga apita ku Mphuka m'mawa, nsalu yatsopano, osacheuka. Ine m'tiyi. Chiperoni, matope, chimfine. Gulu langa nalonso Bwana alisunga mpaka madzulo, akuti litengere kwa kapitawo wake. Palibe wondipatsa moni. Mayi uja akandidutsa amangoti, "Masiti," kundiseka ndi "must" wanga uja.

Lamulungu
Akazi anga abwera. Akuti mchemwali analira, amalume anauza akuchimuna kuti ndadwala. Wina n'kuyankha kuti anandiona Lachisanu ndikuyankhula Chizungu, wathanzi ndithu. Amalume achita manyazi. Alamula kuti ndikapepese pamaso pa abale onse, tambala m'manja. Tsiku asankha okha: Loweruka likubwerali.
Ndangofunda bulangeti.