Mafuta a Mpasa M'kagalimoto ka Alamu

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka imvi, amenenso pondidzudzula sanatengepo ndodo yoposa msinkhu wanga. Ena anawadzudzula ndi chinsomba, wina ndi tambala, wina ndi bulu. Ine anandisankhira galu, galu wanga yemwe, pamaso pa anthu odzaza bwalo la sukulu. Nkhaniyi ndakhala ndikuizemba, koma kuno ku Bua palibe amene saidziwa, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Zinachitika zaka zoyambirira za matipate, nthawi imene aliyense anali ndi geni yake ndi maganizo ake, ndipo mawu akuti "ndi ufulu wanga" ankamveka ngakhale pamjigo. Ine ndinkakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mlatho, ndipo kutchalitchi ndinali mkulu wa mpingo. Mayi a kunyumba ankakazinga nsomba m'mbali mwa msewu, makamaka mpasa nyengo yake ikafika. Ndinali ndi mbiri yoti chilichonse cha mawilo chimandimvera (mbiriyo ndinkaithirira ndekha madzi).

Chaka chimenecho alamu anga a Lufeyo, achimwene a mkazi wanga, anabwera kuchokera ku Joni kudzakwatitsa mwana wawo Esinati. M'katundu wawo munali kagalimoto kofiira, kotalika ngati mkono, koyendera mabatire. Munthu amangoima patali ndi kabokosi ka mlongoti n'kumakawongolera, iko n'kumathamanga kokha. Mukudziwa kuti pa madyerero a ukwati mpeni wodulira keke umabwera ndi munthu akuvina. Alamu anati pa ukwati wa mwana wawo mpeniwo ubwera pa kagalimoto. Anauza mudzi wonse, ndipo ena analonjeza kubwera ku ukwatiwo chifukwa cha chimenecho basi.

Lolemba anabwera nako pa mango paja nkhope ili yakugwa. Pa wilo lililonse panali kashoko: kachubu kotalika ngati chala, kokulungidwa ndi sipuling'i, m'kati muli mafuta oti kagalimoto kasamadumphe pa mabampu. Kashoko kamodzi kakumbuyo kanachucha pa ulendo. Mbali imeneyo kankadumpha ngati chule, ndipo kambale koikapo mpeni kankagwa.

"Alamu, timashoko ta mafuta munatigwirapo?" anandifunsa.

Yankho loona linali lalifupi kwambiri. Ine ndinasankha lalitali.

"Aa, alamu, shoko ndi shoko, kaya ya lole kaya ya kachidole. Kasiyeni. Loweruka kayenda ngati ka nduna."

"Koma osathiramo zachilendo. Mafuta ake ndi apadera."

"Mukundiona ngati mwana?"

Atachoka ndinamasula kashoko kaja. M'kati munali kamphira kozungulira, kakang'ono ngati njere ya mphodza, kong'ambika mbali imodzi. Ndiko kankachuchitsa. Ndinakaika pa bondo kuti ndikaonetsetse, kanagubuduka n'kugwera pansi, ndipo nkhuku imene inkayendayenda pamenepo inakameza ine ndikuona. Sindinataye mtima. Ndinatenga mphira ya valavu ya njinga, n'kudula ndi lezala kachidutswa kofanana nako. Kachisanu ndi kamodzi ndiko kanalowa bwino.

Vuto linatsala pa mafuta. Kadontho kamene kanatsalira m'kachubu kanali koyera, kolemera ngati uchi. Oilo wa injini ndinamuopa, poti ndinamvapo kuti amadya mphira. Ndinapita kwa mnzanga a Saidi, telala wa pakhonde la sitolo, kukapempha mafuta a makina osokera. Titathira, anangodutsa ngati madzi, onse m'manja mwanga.

A Saidi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Wallahi, a mkulu wa mpingo, chinthu cha mwini chikakukanika umabweza chikadali ndi mawilo anayi."

"Sichinandikanike, a Saidi. Ndikungochiphunzira."

"Phunzirani pa chanu."

Malangizo amenewo anali aulere ndiponso olungama. Ndinawasiya pakhonde pomwepo.

Lachinayi mayi a kunyumba atapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, maso anga anagwera pa chiwaya chawo. Mafuta akakazinga mpasa masiku angapo amalemera. Ndinaviika chala, n'kuona mmene akudonthera pang'onopang'ono, ndipo mumtima ndinati ndi omwewa. Ndinatunga m'kabotolo, n'kusefa ndi mpango wa m'thumba kawiri (pa ukhondo pokha musandinene), n'kudzaza kashoko kaja mpaka pakamwa. Nditamanga n'kukadinikiza, kanatsika bwinobwino, n'kubwerera mwaulemu ngati munthu wodzuka pa pemphero.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanalekera. Koma nditadinikiza timashoko titatu tinato, ndinaona ngati tikufewa kuposa kanga. Ndinati kagalimoto ka ukwati sikangayende ndi mitima iwiri. Ndinatimasula tonse titatu, n'kutayira pansi mafuta a ku Joni amene analibe mlandu uliwonse, n'kuthiramo a mpasa. Nthawi imeneyo n'kuti ndikukonzekera kudzaphunzitsa kutchalitchi za anamwali a m'Baibulo aja amene nyale zawo zinatha mafuta, ndipo ndinadziwerengera m'gulu la ochenjera.

Machenjezo anabwera ndithu. Madzulo omwewo mayi anaima pa chiwaya manja ali m'chiuno.

"Bambo a Tiyamike, mafuta anga atsika."

"Dzuwa la masiku ano, mayi. Likuumitsa chilichonse."

"Dzuwa lake losiya mpango wanu uli noninoni?"

Ndinatsegula wailesi.

Lachisanu m'mawa ndinapeza nyerere zitandandalika kuchoka pakhomo mpaka pa kabati pamene ndinaika kagalimoto. Ndinazisesa. Galu wathu Dziwazako, amene anakulira pa mitu ya nsomba za mayi, anagona pansi pa kabatiyo tsiku lonse akulira chapansipansi. Ndinati nyama nayo ikusirira luso.

Alamu atabwera anakayendetsa pabwalo kambale kali pamwamba. Sikanagwe.

"Alamu, ndinu munthu! Mwathiramo chiyani?"

"Mafuta oyenera."

Alamu ananunkhiza m'mwamba n'kunena kuti nyumba yathu imanunkhira bwino nthawi zonse.

Loweruka ukwati unadalitsidwa bwino, ndipo masana tonse tinasonkhana pabwalo la sukulu. Kagalimoto kanakhala pa dzuwa kuyambira m'mawa, ndipo mafuta odzaza mpaka pakamwa akatenthedwa amafuna potulukira. Woyendetsa mwambo atalengeza kuti mpeni ukubwera mwa chi Joni, ndinaona mawilo onse anayi akunyezimira.

Alamu anaimirira ndi kabokosi kawo, tayi ili pamimba. Kagalimoto kananyamuka kumapeto kwa bwalo, mpeni womangidwa riboni uli pa kambale. Amayi analulutira. Kunena zoona kanayenda bwino, ndipo hafu yoyamba ya ulendowo ndimainyadirabe.

Dziwazako ndinamusiya kunyumba, koma galu safuna kalata ya ukwati. Anatulukira pansi pa benchi mphuno ili pansi. Alamu atamuona anakhotetsa kagalimoto kumanzere, galu kumanzere. Anakathamangitsa, mpeni n'kugwera mumchenga. Kanalowa pansi pa mabenchi a amayi a kuchimuna, galu pambuyo, ndipo amayi anakwera pa mabenchi zitenje zili m'manja. Potulukira mbali inayo agalu anali atatu. Pafupi ndi tebulo la keke Dziwazako anakagwira wilo lakumbuyo, n'kukanyamula mawilo akuzungulirabe m'mwamba, ulendo wa m'munda wa chinangwa.

Ndinamuthamangira ndi suti yanga ya mgonero ndikuitana dzina lake, motero ngakhale alendo anadziwa mwini galu. Ndinamupeza atagona pakati pa mizere, kagalimoto atakapanira ndi miyendo yakutsogolo. Timashoko tiwiri anali atatafuna kale, kachitatu akukanyambita mwachifatse.

Pobwerera ndinapeza nyimbo zitazimitsidwa. Alamu analandira kagalimoto kawo maso ali ofiira. Amuna ena anali atamugwira kale Dziwazako, amene ananditsatira akugwedeza mchira, n'kumumanga chingwe m'khosi.

"Galu woluma chitsulo ndi wachiwewe," anatero wina. "Aphedwe lero lomwe, asanalume mwana wa munthu."

"Masiku ano ndi a ufulu, mumve kaye mbali yake," anaseka wina kumbuyo. Koma zibonga zinali zitafika kale.

Ndikanangokhala chete, mlandu wonse ukanapita ndi galu. Palibe akanatsegula timashoko totafunidwa kuti aone za m'kati. Ndinayang'ana mayi a kunyumba, ndipo iwo ankandiyang'ana kale, osaphethira. Ndinayang'ana Dziwazako. Ine amene ndinkaimirira kutsogolo kuphunzitsa kuti umboni wonama ndi tchimo, ndinali pafupi kupereka wosalakwa kuti suti yanga ikhale yoyera.

Ndinapempha chimkuzamawu.

"Abale, galuyu alibe chiwewe. Wangotsatira chakudya chake. M'kagalimotomu ndinathiramo mafuta okazingira mpasa, a m'chiwaya cha akazi anga, amenenso ndinawatenga osapempha. Alamu anandifunsa ndipo ndinawanamiza. Timashoko ta mafuta ndinali ndisanationepo chibadwire. Mmasuleni galuyo."

Woyamba kuseka anali mkwatibwi, Esinati, mpaka anatsamira pa phewa la mwamuna wake. Kenako bwalo lonse. A Saidi anangovula magalasi n'kumawapukuta.

Alamu ananunkhiza kagalimoto kaja kanthawi. "Kamodzi kokha ndiko kankachucha, alamu."

"Ndinathira tonse tinayi."

"Chifukwa?"

"Kuti tifanane."

"Tafananadi," anatero, akuyang'ana mabowo amene munali timashoko.

Amene anautola mpeni mumchenga ndi mayi a kunyumba. Anaupukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuuza anyamata a nyimbo kuti ayatse, ndipo anaubweretsa akuvina monga mwa masiku onse, kutsogolo kawiri kumbuyo kamodzi. Podutsa pamene ndinakhala anandinong'oneza kuti, "Dzuwa lija tikakambirana kunyumba."

Alamu anandikhululukira asanabwerere ku Joni, ngakhale kuti mpaka lero akamadya nsomba kwathu amafunsa ngati mafuta ake ndi oyenera. Kagalimoto kali pa kabati ya Esinati, kogwada chakumbuyo. Dziwazako anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, n'kufa ndi ukalamba. Phunziro la anamwali lija ndinapempha mkulu mnzanga kuti aphunzitse.

Ndinaphunzira kuti mawu akuti "sindidziwa" sanaphepo mmisiri. Mwezi watha mphunzitsi wina anabwera ndi kamera yake yokanika kutseguka, ndipo ndinamuuza mosabisa kuti zimenezi sindizidziwa. Ananyamuka kuti azipita. Atafika pamsewu ndinamuitana kuti angoisiya ndiione pang'ono. Ili m'kabati, m'zidutswa khumi ndi chimodzi, ndipo mundikumbukire m'mapemphero.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, inu ndi a m'nyumba zanu. Adalitse ntchito za manja anu, akupatseni lilime lofulumira kuvomera pamene nzeru zanu zathera, ndipo tsiku limene mudzafunike chidzudzulo, akutumizireni mnzanu wa pakhonde amene mudzamumvere galu asanafike. Ameni.