Mapoto Awiri a Ayuda pa Phiri la Mulanje

Mpaka lero ndikaona poto womatidwa tepi pachigwiriro, ndimayang'ana kumbali. Mapoto awiri otere ndi amene anandichotsa pa ntchito yophikira alendo, ntchito yomwe ndinaigwira masiku awiri okha.

Sukulu ndinalekezera sitandade 7 (tinasemphana mawu ndi aphunzitsi, imeneyo ndi nkhani ina), n'kuyamba kusenza zikwama za alendo okwera phiri. Zaka zinayi msana ukulira. Tsiku lina a Namakhwa, mkulu wotsogolera alendo, anati andiyese pa zophika.

"Iwe, alendowa ndi Ayuda, bambo ndi akazi awo. Achokera ku Larnaca, pachilumba cha Kupro chija cha m'Baibulo. Pa zakudya ali ndi malamulo awo. Chimene sukuchidziwa, funsa. Ukalakwitsa, wabwerera ku zikwama."

"Musade nkhawa madala," ndinatero. "Ndakulira pa Chonde pakati pa Asilamu. Nkhumba ayi, basi."

Titangofika pa nyumba yogona alendo m'phirimo, zinayambika. Mayi aja anatulutsa mapoto awo awiri ofanana ndendende, wina wa tepi yofiira, wina wa tepi yabuluu. Poto wanga sanamuyang'ane n'komwe. Ndikuti ndikoleze moto, bambo aja anandipempha machesi n'kuyatsa okha. (Ine, munthu woti ndimakoleza moto mvula ili pamsana!) Kenako mayiwo anayamba kuunika tsamba lililonse la mpiru umene ndinali nditatsuka kale, ngati akusaka nsabwe.

Apa ndinapsa mtima. Ndinati basi, anthuwa akundiyesa wauve.

M'mawa mwake alendowo ataphika phala lawo la mkaka, a Namakhwa anapita nawo kukaona mathithi. Ine ndinati lero aona. Ndinatenga mapoto onse awiri ndi masipuni awo, n'kuponya m'beseni limodzi la madzi otentha. Ndinakwecha ndi mchenga mpaka zala kuwawa. Matepi aja ndinaona kuti ndiwo akusunga litsiro, ndinawamatula. Ndiye pofuna kuti adziwe kuti kuphika ndimatha, ndinakoleza moto ndekha, n'kutsegula chitini cha nyama chimene anabwera nacho kwawo. Ndinaikazinga ndi anyezi m'poto wawo mmodzi, n'kuthiramo mkaka wa ufa kuti msuzi ukhale wolemerera.

Atabwera, mayi aja anangogwira pakamwa. Bambowo anatembenuza mapoto aja uku ndi uku.

"Wofiira ndi uti?"

"Onse ayera tsopano, bwana," ndinayankha, manja m'chiuno. "Dziyang'anirenimo nkhope."

Bambowo anafotokoza modekha, a Namakhwa akutanthauzira pomwe Chingerezi changa chinathera. Kwa iwo nyama ndi mkaka sizikumana, kaya m'poto, m'beseni, ngakhale pa sipuni. Wofiira anali wa nyama, wabuluu wa mkaka. Moto amayatsa okha chifukwa ndi lamulo la chipembedzo, ndipo masamba amawaunika ngakhale kwawo, kuopa kudya kachilombo. Za uve wanga panalibe amene anaganizako.

"Nanga osanena bwanji?" ndinakalipa.

"Unafunsa?" anatero a Namakhwa.

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Ine ndinati, "Nanga ng'ombeyo imayenda bwanji ndi nyama ndi mkaka thupi limodzi?"

Bambo aja anaseka mpaka kachipewa ka pamutu kanatsala pang'ono kugwa. Akazi awo sanaseke. A Namakhwanso ayi.

Masiku awiri otsalawo alendo anakwera phiri ndi nanazi, nthochi ndi mtedza m'mimba. Nyama ija ndinadya ndekha kuseri kwa nyumba (inali yokoma, zimenezo sindibisa). Mapoto anati kuphiri kuno sangawayeretse mwa mwambo wawo, choncho anandisiyira. Potsika, a Namakhwa anangoloza chikwama chachikulu kuposa zonse, ine n'kuwerama.

Mapotowo ali kwa amayi anga pa Chonde, amaphikiramo chilichonse. Ine ndidakasenzabe. A Namakhwa akuti phunziro lake ndi lakuti uzifunsa usanakweche, ndipo ndavomera. Koma funso langa la ng'ombe lija palibe wandiyankha.