Kamera ya a Anselmo Inkaona Mitengo Yokha

Aliyense wa kuno kumunsi kwa Phiri la Dedza akudziwa kuti malemu a Anselmo anali ndi kamera, ndipo akudziwanso kuti kamerayo sinkaona anthu. Anawasiyira ndi mzungu wa zankhalango kuti azijambula mitengo yachilendo imene inkayesedwa ku nazale, ndipo iwo ntchitoyo anailandira ngati ubatizo. Munthu ankalowa m'chithunzi chawo pa chifukwa chimodzi chokha: kuonetsa kutalika kwa mtengo.

Mukafunse a Yeremiya. Tsiku la ukwati wawo anabwereka jekete, mkwatibwi atavala zoyera mbee, n'kukapempha chithunzi. A Anselmo anawaimika patsinde pa paini wamkulu, n'kuyamba kubwerera cham'mbuyo. Anabwerera, kubwerera, mpaka kuwoloka kamtsinje.

"Kodi mukutithawa?" anafuula a Yeremiya.

"Nsonga sinalowe! Musagwedezeke, mukundisokonezera mtengo!"

Chithunzi chitabwera kuchokera kokatsukitsa ku Blantyre, paini anatuluka bwinobwino, nthambi iliyonse. Pansi pake panali timadontho tiwiri, kakuda ndi koyera. A Yeremiya amachisungabe, ndipo mlendo akabwera amatenga kaudzu n'kumulozera kuti, "Kakudaka ndine."

Tchimo lalikulu linali kunena pamaso pawo kuti mitengo yonse ya m'phirimu ndi paini. A Agnesi analakwitsa choncho akuchokera kunkhuni, ndipo anaimitsidwa panjira mtolo uli pamutu mpaka khosi linauma.

"Inu ndinu Agnesi, mnzanuyu ndi Sibongile. Ndikati nonse ndinu Agnesi, amuna anu angakondwe?"

"Anga angakondwe ndithu. Tapatukani, bambo, ndidutse."

Koma mtima wawo wonse unali pa mtengo umene ankautchula kuti dagalasi. Mbewu zake zinachokera ku Amereka, ndipo kuno unkakana. Mwa mbande zambirimbiri zinatsala ziwiri: ina yobiriwira, imene ankati kwawo ndi kufupi ndi nyanja yamchere, ina yotuwa ngati yawazidwa phulusa, ya kumapiri. Ukangoima pampanda wa nazale, wagwidwa.

"Masamba a paini ndi ataliatali, amamera atatuatatu ngati katsache. A dagalasi ndi aafupi, limodzilimodzi. Tikitani ili, mununkhize. Lalanje, eti?"

Ukati sukumva lalanje, ankakununkhizitsanso mpaka ulimve.

Ine ndinawafuna m'chaka cha 1956. Amuna anga a Benedicto anapita kumigodi ya ku Joni ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Poyamba makalata ankabwera mwezi ndi mwezi, kenako anayamba kutalikirana, kenako zii. Veronika anabadwa, anayamba kukhala pansi, mano awiri anatuluka, bambo ake osamuona. M'mudzi mwathu muli amayi atatu amene amuna awo anatchona, ndipo Lamulungu lililonse ndinkawayang'ana m'tchalitchi mpaka kuiwala kugwada. Ndinkaopa kuti wachinayi ndine. Mawu ndinali nditalemba okwanira. Ndinaganiza kuti munthu akaona nkhope ya mwana wake, mwina angakumbuke njira ya kwawo. Koma kamera kuno inali imodzi.

"Bambo, mundijambulireko mwanayu."

Anamuyang'ana kumsana kwangako. "Filimu ili ndi malo asanu ndi atatu, mayi a Veronika, ndipo onse ali ndi eni ake. Mukafuna, kamuikeni patsinde pa bulugamu uyo."

"Adzaoneka?"

"Bulugamu? Kwambiri."

Ndinabwerera misozi ili chuchuchu. Koma sindinaleke kudutsa ku nazaleko, ndipo ndinaona chinthu chimodzi. Mitengo yonse ankaijambula ali patali, koma pa tidagalasi tiwiri tija ankagwada pafupi penipeni, mphuno kutsala pang'ono kukhudza masamba. Tsiku limene ndinawaona atulutsa kamera, ndinayedzamira mpanda.

"Pepani bambo, kotuwako kakudwala? Ndi kakafupi kuposa Veronika wanga."

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Mwati chiyani?"

"Ndangoona. Mwanayu ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, koma wakapitirira."

"Bodza la masana! Bweretsani kuno munthu wanuyo!"

Anamukhazika pambali pa mbande ija, n'kugwada. "Ndijambula, mudzi wonse uone mmene amayi amasiku ano amanamira. Musamukoke khosi! Ndakuonani!"

Veronika anawayang'ana ndevu, n'kuseka, n'kugwira nthambi kupita nayo kukamwa.

"Mayo, akudya Amereka!" anakuwa a Anselmo, ndipo chala chinadina chokha.

Patapita milungu itatu anandibweretsera chithunzi okha kunyumba, nkhope ili gwa. Mwana anatuluka yense: maso, mano awiri aja, ngakhale dovu. Mbande inkamulekeza m'khutu.

"Anakhala pachulu," anatero. Panalibe chulu.

Kuseri kwake anali atalemba kuti: "Dagalasi wotuwa, chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Mwanayo ndi woyezera chabe." Ine ndinangowonjezera pansi pake kuti, "Woyezerayo ndi wanu," n'kutumiza.

Ndinadikira milungu isanu ndi umodzi, kudya osakumva kukoma. Kenako kalata inabwera, ya mizere iwiri: "Makutu amenewo ndi a kwathu. Ndikubwera mu Juni."

Anabweradi mu Juni, kukuzizira koopsa. A Anselmo tinali titawaika mu Meyi. Chifuwa chinawatenga sabata imodzi yokha. Amuna anga anali atawagulira chipewa cha ku Joni chowathokozera, ndipo atamva anakhala pakhonde nthawi yaitali, akuchitembenuza m'manja. Chili pamsomali mpaka lero. Palibe amene wayerekeza kuchivala.

Kamera inabwezedwa ku ofesi. Ku nazale kuli munthu wina tsopano, waulemu wake, amene amakupatsa moni n'kupitiriza kuthirira. Phiri lili phee, ngati sukulu yotsekera. Masiku ena amuna anga akayamba kutchulatchula za ku Joni, mantha aja amabweranso, ndipo ndimangozindikira ndikuyang'ana kumtunda, kumene kulibenso munthu woti ndikamupute.