Mkulu wa Mpingo M'nyumba ya Juga

Mukamva kuti mbale ya chopereka anandilanda kutchalitchi, musafunse ena. Ndikuuzani ndekha.

Mwana wanga Tadala, wobadwira konkuno ku Glasgow, anakana zaunamwino n'kusankha ntchito yokwera mahatchi a mpikisano. (Ufupi anatengera ine, ndiye ati thupi lake ndi loyenera.) Zaka zonsezi wakhala akukolopa makola, kudya ngati mbalame kuti asalemere. Kenako anaimba foni: "Dadi, Lachitatu ndikuthamanga mpikisano wanga woyamba. Muonere, pliz."

Tsoka lake, TV yathu ilibe tchanelo cha mahatchi. Malo okhawo oonerapo anali shopu yobetcherana ya ku Partick. Ine mkulu wa mpingo, amene Lamulungu lapitalo ndinalalikira mpaka thukuta kuti juga ndi khomo la kumoto!

Ndinavala chipewa mpaka m'maso, n'kulowa chozemba ngati wakuba nkhuku. Ndinalonjeza mumtima kuti ndiima pakona, duu, osatsegula pakamwa.

Mahatchi atangoliyatsa liwiro, lonjezo lija linathawa. Ndinaona kamwana kanga katanyonyomala pamsana pa chinyama chachikulucho. Ndinayamba ndi pemphero la chamumtima, kenako lokweza, kenako ndinapezeka ndikukwapula mpando ndi chipewa chija. "Thamanga, mwana wanga! Ambuye, ikankheni!"

Anapambana. Ndinalira misozi, sindibisa. Gogo wina wachizungu, amene anabetchera hatchi yomweyo, anandikumbatira, ndipo tinatulukira pakhomo tikuvina, ine ndikukuwa, "Tawina! Tawina!"

Pamalo okwerera basi panali amayi abusa, majumbo awiri m'manja.

"A Phiri," anatero mofatsa, "mwawina zingati?"

"Ayi mayi, si ndalama. Ndi mwana."

"Hii! Mwafika pobetcha ndi ana omwe?"

Ndinafotokoza mpaka basi yawo inabwera. Gogo uja sanathandize, ankangondisisita pamsana n'kumawauza kuti ndili ndi mwayi, sabata yamawa ndibwerenso.

Lamulungu ndinapeza mbale ili m'manja mwa mkulu mnzanga, a Gondwe. Abusa anati nkhani yanga aimva ndipo akuikhulupirira ndithu, koma ndiyambe ndapuma kaye. Zinandiwawa, chifukwa ngakhale khobidi sindinabetche.

Tadala akuthamanganso Loweruka. Ndaganiza mofatsa za mbiri yanga ndi udindo wanga, ndipo ndagula chipewa chokulirapo.