Hayidiranjiya amene anathetsa ukwati wa Layisoni

Anzanga, ndaupeza! Aphunzitsi anati aliyense akafufuze chiyambi cha mwambi umodzi, ine wanga ndautola pompano kuseri kwa ofesi, kwa a Khoviwa osamala maluwa pasukulu pathu, ndipo ndi ine ndikawerenge pa asembule Lolemba! Ndinawapeza akudulira chitsamba chija cha maluwa obiriwira ngati thambo. Nditawafunsa, anaika sizasi pansi, osandiyang'ana.

"Mwambi umenewu, mwanawe, unayamba motere," anatero.

Ku esiteti ina ya tiyi ku Thyolo kunali mnyamata wothyola tiyi dzina lake Layisoni. Iye anafunsira Esinala, mwana wa a Namakhwa, wosamala maluwa kunyumba ya bwana. Tsiku lokamva yankho, Layisoni anagwidwa mantha, ndiye anapempha mkulu wake.

"Achimwene, kandimverereni. Ine ndikangoona ndevu za madala aja, ndimafuna kuthawa."

Mkuluyo anapita, napeza a Namakhwa akuthirira zitsamba za maluwa akuluakulu, ofanana ndi mitu ya kabichi.

"Bambo, amenewa ndi maluwa kapena ndiwo?"

"Ndiwo ya kwanu! Uyu ndi hayidiranjiya. Wamutu ngati mpirayu, pa dothi lowawasa la tiyili amabiriwira chonchi. Koma taona mnzake uyo pafupi ndi dzala la phulusa."

"Wapinkiyo? Ndi mtundu wina."

"Mayi wake ndi mmodzi. Lamusintha ndi phulusa."

Munthu uja kukamwa yasa! A Namakhwa anamuonetsanso wina wophwatalala ngati mbale, timaluwa ting'onoting'ono pakati, akuluakulu m'mphepete. Kenako woyera wosongoka ngati chinangwa, amene ngakhale umuthirire phulusa lotani sasintha. Wina anali atakwera khoma ngati mphonda.

Ali mkati moyenda, a Namakhwa anati, "Za mng'ono wakoyo, ndavomera. Abwere ndi amalume ake Loweruka lino. Akapanda kubwera ndidziwa kuti ndi masewera, pakuti telala wa ku Luchenza naye akudikira."

"Eya, eya," anatero iye, maso ali pa nthambi. "Nanga kameneka kangamere kwathu?"

Madala anamudulira kanthambi. "Ukakaike pamthunzi. Osakasuzumira, osakagwedeza. Udikire milungu isanu ndi umodzi."

Atafika kunyumba, Layisoni anamuchingamira kumsewu. "Achimwene, ati chiyani?"

"Iwe, phulusa si chinthu chamasewera! Duwa lomwelo, uku lobiriwira, uku lapinki!"

"Ndikunena za Esinala!"

"Palinso loyera, lokanika, silimva phulusa."

"Achimwene! Yankho!"

Mkulu uja anakanda m'mutu. M'menemo munangotsala mawu omaliza. "Ati usasuzumireko, usagwedeze. Udikire milungu isanu ndi umodzi."

Layisoni anadikira. Akaona Esinala panjira ankalowa m'tiyi, kuopa kugwedeza. Loweruka lija a Namakhwa anasesetsa bwalo, anapha tambala, anakhala mpaka dzuwa kupendeka. Milungu itakwana, Layisoni anavala jekete yobwereka, koma kutchalitchi anali atalengeza kale kawiri za Esinala ndi telala.

Apa ine ndinali nditagwira nthiti. "Agogo, chitsiru chimenecho chinathera kuti?"

A Khoviwa anatola sizasi, nayamba kudula tsamba lomwe linalibe vuto.

"Kanthambi kaja kanamera," anatero motsitsa. "Ndi mdzukulu wake ukumutsamirayu."

Ndinadzuka msangamsanga, nditazindikira kuti mkulu wa Layisoni uja ndi iwo omwe. Ndinapepesa, ndinati sindikawerenganso. Iwo anapukusa mutu.

"Kawerenge, dzina langa usabise. Layisoni wakhala akuuza anthu nkhaniyi zaka makumi anayi, pamaliro ndi paukwati pomwe. Mpaka lero ndikamupatsa moni sayankha kuti ali bwino. Amangoloza ine n'kuuza amene ali pafupi kuti, 'Kandimverere anakanena za m'maluwa.'"