Nsomba Zobwereka

Mpaka lero ndikaona galimoto ya boma ikutsika msewu wa kuesiteti, manyazi amandigwira. Sikuti ndinaba ayi. Ndinangochita zomwe aliyense kuno amachita kukamabwera alendo, kungoti ine ndinapyola muyezo.

Ntchito yanga ndi yothyola tiyi, koma kudimba ndili ndi damu la nsomba. Makumba a m'damumo ndiwo ankalipira fizi ya ana, poti za kuesiteti zimathera m'mimba. Kolona itafika, malesitilanti amene ankandigula anatseka. Nsomba zina ndinagulitsa motchipa, zotsalazo tinadya tokha. Pofika nyengo ya chiperoni, m'damu munatsala achule okhaokha, ndipo ndalama yogulira mbewu ina ya nsomba ndinalibe.

Kenako alangizi anatiuza kuti boma lipereka thandizo kwa a bizinesi ya nsomba, koma kuyamba kwabwera anthu kudzaona madamu. Tsiku loyamba adzaona langa, mawa lake la alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba.

Kwathu kuno mlendo sitimuonetsa usiwa. Mipando timabwereka, makapu timabwereka, nsalu ya patebulo imayenda mudzi wonse. Mayi akunyumba anayamba msanga kuzungulira m'makomo. Ine ndinaima pa damu n'kumadzifunsa: anthu a boma akapeza achule, akhulupirira kuti ndine mlimi wa nsomba? Nzeru inandibwerera pomwepo (ndimaitchabe nzeru chifukwa chosowa dzina lina).

"Alamu, mundibwerekeko nsomba."

Alamu ndi munthu wosayankhula zambiri. M'damu mwawo namonso nsomba zinali zitachepa, koma zinatsalamo ndithu. Anandiyang'ana n'kufunsa:

"Zamoyo, alamu?"

"Tsiku limodzi lokha. Akangoona, madzulo ndibweza. Mawa lake adzazipeza kwanu."

"Chabwino. Koma munyamule nokha, msana wanga mukuudziwa."

M'mawa wa tsikulo tinakoka ukonde mpaka damu lawo linayera. Njira yachidule yochokera kwa alamu imadutsa m'munda wa tiyi, pamtsetse, ndipo kunali kachimvula kaja kosanyowetsa msanga koma koterera. Paulendo womaliza ndinaterereka, ndowa uko, ine uko. Makumba anabalalika m'mizere ya tiyi, akuphiriphitha. Ndinayamba kukwawa pansi pa mitengo kuwatola mmodzimmodzi. Anzanga, madengu kumsana, anasiya kuthyola n'kumandionerera.

"Amwene, tiyi wayamba kubereka nsomba kodi?" anafunsa mmodzi.

Ndinapitiriza kutola. Ndinali ndi kumba wina m'thumba la malaya.

Alendo anafika masana. Wotsogolera anali mayi wachitsikana, waulemu, atavala masiki. Ndinawatengera ku damu, ndinawaza madeya, madzi anachita kuwira. Mayiyo anaomba m'manja.

"Bambo, inu ndiye mwalimba. Kolona sinakukhudzeni eti?"

Apa m'pamene ndikanakhala chete. Koma kuyamikiridwa ndi munthu wa boma kumakoma, abale.

"Timayesetsa, bwana. Nkhani yake ndi kulimbikira basi. Enawa amangodandaula."

Ndinafotokoza za kadyetsedwe, za manyowa, za madzi, chifuwa chili patsogolo. Mayi akunyumba anabwera ndi tiyi wamkaka m'makapu a eni, tinakhala pa mipando ya eni. Tinaoneka ngati banja lopeza bwino kwambiri m'Changata monse.

"Poti nthawi ilipo," anatero mayi wa boma uja, "tioneretu damu linalo lero lomwe."

Ndinawatsatira pambuyo ngati wopita kumaliro. Tinawapeza alamu ataima pa damu lawo, chipewa m'manja. Mayiyo anawaza madeya. Zii. Anawazanso. Kunangotulukira chule mmodzi.

"Pepani bambo," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Anthu ngati inu ndi amene tikufuna. Thandizoli ndi la amene bizinesi yawo yagwa. Olimba ngati bambo awa apitirize kulimbikira."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule zonse, koma malovu anandipalira. Ndinatsokomola, n'kutsokomolanso. Mukudziwa masiku amenewo munthu akatsokomola. Alendo onse anabwerera m'mbuyo, masiki akukonza, n'kuyamba kutsazika ali chapatali. Ndikanawathamangira, koma ndinaganiza: ndikaulula, ine ndi wabodza, alamu ndi wondithandiza bodza, tonse tiluza. Ndinangoima kuyang'ana galimoto ikukwera mtunda.

Kunyumba mayi sanandikalipire, chinthu chomwe chinandipweteka koposa. Anangofunsa kuti, "Ndiye a kulimbikira basi, fizi ya Januwale?"

Thandizo linabwera pa foni ya alamu. Kwa ine sikunabwere kanthu, ndipo sindinadabwe. Nsomba ndinali ndisanabweze, poti manyazi anandikanikitsa kuponda pakhomo pawo. Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinatenga ndowa n'kupita kukapempha ukonde.

"Ndowa ndi yachiyani, alamu?"

"Ndikufuna ndibweze nsomba zanu."

Anali akusenda chinangwa. Kenako anati, "Ine ndagula kale mbewu yatsopano, malo mulibe. Zijazi zazolowera madzi anu. Zisiyeni, ana apite kusukulu."

Ndinalira, bambo wamkulu ine, ndowa ili m'manja. Alamu anayang'ana kumbali n'kundipatsa chinangwa.

Phunziro ndinalitola: munthu wobwera kudzakuthandiza ndi womuonetsa pomwe pakupweteka. Kulitsata ndiye nkhani ina. Chichokereni tsiku lija, alangizi akalandira alendo amabwera nawo kwa ine, ati mlimi wachitsanzo amene sanagwe ndi kolona. Ndimawaza madeya, ndimafotokoza, ndipo chifuwa chimatuluka chokha. Alamu amaima kumbuyo kwa gulu n'kumavomereza ndi mutu, ndipo sananenepo kanthu kwa munthu aliyense.